Amalume ndi Ravel wanga

Mawu a amalume sakundichoka m'mutu. Anabwera madzulo kudzatenga chaja ya foni, n'kundipeza ndikumvera konsato (nyimbo imene chida chimodzi chimalizidwa pamodzi ndi gulu lalikulu la zida) ya piyano ya Maurice Ravel, ya mu G, gawo lapakati lodekha lija. Chimbale chake ndi cha woliza piyano Arturo Benedetti Michelangeli, chojambulidwa ku London mu 1957 ndi gulu la Philharmonia, Ettore Gracis akutsogolera. Ndachimvera kambirimbiri.

Anaima pakhomo ali chete, kenako n'kuti, "Iwe, zala za munthuyu n'zoyera, koma mtima wake uli kuti?"

Zinandibaya. Amalume aliza limba kutchalitchi kuyambira ndisanabadwe, choncho sindikanangowanyalanyaza. Ndinati, "Amalume, tamverani dzanja lamanzere." Gawo limeneli piyano imayamba yokhayokha kwa mphindi pafupifupi zitatu, dzanja lamanzere likungoyenda mwakachetechete osasintha mwendo, lamanja likuimba nyimbo yaitali ngati munthu wosafuna kupuma. Michelangeli sagwedeza kanthu, sakukakamiza kulira. Kwa ine chisoni chake chili pomwepo, ngati cha munthu amene wakhala pamaliro maso ali gwa, koma ukamuyang'ana umadziwa.

Iwo anangopukusa mutu. Ndiye ndinawaikira konsato yomweyo pa chimbale cha woliza piyano wina, Samson François, cha mu 1959, André Cluytens akutsogolera oimba a ku Paris. François amachedwa apa, n'kufulumira apo, monga mmene mtima wamuuzira. Amalume anakhala pansi. Itafika poti cor anglais, chida chouzira changati chitoliro, yatenga nyimbo ija, piyano ikungoyenderera pamwamba ngati kamtsinje, anatsinzina n'kuti, "Uyu ndiye akulankhula."

Ndinafuna kuwauza kuti Ravel mwiniwake anavutika nayo nyimboyi, kuiluka pang'onopang'ono akutengera chitsanzo cha nyimbo ya Mozart, ndipo kuti munthu wosamala chotero angakondwere ndi Michelangeli. Koma woliza piyano Marguerite Long ndi amene anaiimba koyamba ku Paris mu 1932, Ravel akutsogolera gulu, ndipo François anaphunzira piyano kwa Long yemweyo. Ndinameza mawu.

Usiku uno ndazimveranso zimbale zonse ziwiri, chilichonse kawiri, tiyi mpaka kuzizira. Ndikadali kwa Michelangeli. Komabe pamene cor anglais ikulowa, khutu langa layamba kudikira kachedwedwe ka François kaja, ndipo sindikudziwa kuti zayamba liti.

Chaja ija aisiya patebulo. Abweranso mawa.