Muscle-up yatheka, vuto linali podutsa chitsulo

Muscle-up, komwe ndi kudzikoka pa chitsulo chopingasa mpaka kukwera pamwamba pake n'kuwongola manja, yatheka sabata ino popanda kuponya miyendo. Mphamvu yokoka sinali vuto. Munthu akhoza kupanga ma pull-up 12 osabera koma n'kumangokakamira pomwe chifuwa chiyenera kudutsa chitsulo, zigongono zikukana kutembenukira m'mwamba.

Pull-up wamba amangofuna chibwano chipitirire chitsulo, thupi lili pansi pake. Pa muscle-up chitsulo chifike kumunsi kwa chifuwa, ndipo thupi likwere mokhota ngati chilembo C: mapewa abwerere kaye m'mbuyo, kenako agwere kutsogolo pamwamba pa chitsulo. Manja nawo ayenera kuzungulira. Mukafinya kwambiri, dzanja limatsalira pansi ndipo mulibe pokankhira. Khazikani chikhatho pamwamba pa chitsulo musanayambe kukoka.

Chomwe chimamasula ndi chitsulo chachifupi, chofika pachifuwa mutaima. Pangani maseti 4 a maulendo 5, mapazi ali pansi akuthandiza pang'ono, mukungophunzira kutembenuzako. Kenako kwerani pamwamba n'kutsika pang'onopang'ono, masekondi 5, katatu basi. Chigongono chimodzi chisatsogole chinzake. Ambiri amakwera choncho n'kumasangalala, koma katundu yense amagwera phewa limodzi. M'kati mwa chigongono mukayamba kuwawa, chepetsani, chifukwa mitsempha imachedwa kukhwima kusiyana ndi minofu.

Za paipi yopangira chitsulocho: ya madzi ya inchi imodzi kunja kwake imakhala pafupifupi mamilimita 33, ya three-quarter pafupifupi 27. Yaing'onoyo imagwirika bwino koma ikatalika imawerama, nde ine ndimakonda ya inchi. Owotcherera a ku Nchalo kapena ku Ngabu muwauze awotcherere mbali zonse ziwiri kuti isamazungulire, komanso asaipake penti wonyezimira, amaterera ndi thukuta. M'malo mwa labala wogula womangirira pa chitsulo n'kupondapo kuti akuthandizeni kukwera, chubu chakale cha njinga chimagwira ntchito. Chiyang'aneni kaye ngati sichinang'ambike pa zigamba, chikaduka chimakwapula kumaso.

Kuno kuchigwa, Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo chitsulo chapadzuwa chimaotcha manja. Chizikeni pansi pa mtengo wa nimu, muziyamba dzuwa lisanatuluke, kansalu kopukutira manja kali pafupi.

Chotsatira ndi ma muscle-up 5 motsatizana, kenako front lever (kulendewera pa chitsulo thupi lili chogona mowongoka, nkhope ikuyang'ana kumwamba) mvula isanathe. Planche (kudzinyamula ndi manja okha, thupi lili chogona m'malere, nkhope ikuyang'ana pansi) nayo ili m'maganizo, tiona.