Fayilo imodzi, njira ziwiri: mmene tinasankhira intaneti ya pashopu pathu

Shopu yathu ndi ya zipinda ziwiri, chakufupi ndi msika ku Area 25 mu Lilongwe. Chipinda chakutsogolo n'cha makasitomala. Chakumbuyo alamu anga amachitcha chipatala, chifukwa m'menemo malaputopu akale amagona chagada patebulo, matumbo ali pamtunda. Timagula makompyuta ogwiritsidwa kale ntchito, n'kuwakonza, n'kuwagulitsa kwa ophunzira ndi kumasukulu ang'onoang'ono. Ine ndimasunga ndalama ndi mabuku, alamu ndiwo a sikuludiraiva.

Ntchito yathu inasintha Microsoft italengeza kuti isiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025. Makina ambiri amene timagula ndi okalamba, Windows 11 imawakana. Alamu anati tiziikamo Linux Mint, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, yomwe ndi yaulere ndipo eni ake amalola kuigawana. Kwa masukulu opanda intaneti tinayamba kuwonjezerapo Kiwix, pulogalamu yowerengera Wikipedia popanda netiweki. Vuto lake, Wikipedia yonse ya Chingerezi, ya zithunzi zomwe, ndi fayilo ya pafupifupi 100 GB.

Chinthu chachikulu chotere kuchitsitsa ndi browser n'kudziputira matenda a mtima. Magetsi akangoti phethi, nthawi zina umayambiranso pachiyambi. N'chifukwa chake timadalira torrent, njira imene Bram Cohen anaiyambitsa mu 2001. Fayilo imaduladulidwa tizidutswa, kompyuta yako n'kumatola tizidutswato kwa anthu ambiri nthawi imodzi, kalikonse n'kukapima ngati kafika kabwinobwino. Magetsi akabwerera imapitiriza pomwe inasiyira. Nawenso umagawirako ena zimene watola kale, ngati chipereganyu. Ndikudziwa, ambiri akamva za torrent amaganiza za mafilimu akuba. Koma a Linux Mint ndi a Kiwix amaika okha ma torrent pamasamba awo, kuti katundu asalemere makina awo okha.

Kampani yoyamba ya intaneti imene tinalowa inatikopa ndi nambala yaikulu papepala lotsatsa. Tikayeza liwiro, nambalayo inkaonekadi. YouTube inkayenda ngati madzi. Koma alamu akangotsegula qBittorrent, pulogalamu yotsitsira ma torrent, zinthu zinkayenda ngati nanzikambe, tsiku lonse kamzere kobiriwira osasuntha. Pakati pa usiku m'pamene kankadzuka n'kuyamba kuthamanga. Mapeto ake alamu anabweretsa mphasa, n'kumagona pashopu kudikira Wikipedia. Mchemwali wanga anayamba kundiyang'ana ndi diso lina, ngati ndine ndawalanda mwamuna.

Ndinaimba foni kukampaniko kangapo. Yankho linali limodzimodzi: "Mayi, mwayesa kuzimitsa rauta n'kuyatsanso?"

Tsiku lina masana alamu anandiitanira kuchipatala kuja. "Alamu, bwerani mudzaone nokha, musamati ndimangodandaula." Anatenga fayilo imodzi, ya Linux Mint, pafupifupi 3 GB. Anayamba kuitsitsa mwachindunji kuchokera patsamba lawo, ndipo inkabwera bwino. Anaimitsa, n'kuyamba fayilo yomweyo pa torrent: zii. Anasintha port kuchoka pa 6881, yomwe ndi yodziwika ngati khomo la torrent, koma sizinathandize. Kenaka anayatsa VPN, imene imakutira zonse kuti kampani isaone mtundu wa zimene zikudutsa. Torrent ija inadumpha pomwepo, ola lomwelo, waya womwewo. Ine za makina sindizitsata kwenikweni, koma apa ndinamva. Panjira panali mlonda amene ankasuzumira m'katundu, akaona kuti uyu ndi wa torrent n'kumuuza kuti ayembekeze pambali.

Khalidweli silinayambire kuno. Ku America mu 2007 munthu wina dzina lake Robb Topolski anazindikira kuti kampani ya intaneti ya Comcast inkasokoneza anthu ogawana mafayilo. Atolankhani a Associated Press anayesa okha mu October chaka chomwecho, ndipo fayilo imene anayesera kutumiza inali Baibulo la King James. Makina a kampaniyo ankatumiza uthenga wonamizira kuti wachokera kwa mnzako, wonena kuti tadula kulankhulana. Mu 2008 bungwe la FCC, loyang'anira zamtokoma ndi mauthenga ku America, linalamula kuti Comcast isiye, koma mu 2010 khothi linati bungwelo linalibe mphamvu yolamula zimenezo. Alamu amaikonda nkhaniyi chifukwa cha Baibulolo, amaifotokozera kasitomala aliyense amene wakhala pansi.

Madzulo ake ndinafukula pepala la mgwirizano m'kabati. Kumapeto, m'timalemba tating'ono ta "fair usage", munali mzere wonena kuti kampani ili ndi ufulu wochepetsa liwiro la peer-to-peer, kutanthauza kugawana mafayilo monga pa torrent, nthawi ya ntchito. Siginecha ya pansi pake inali yanga. Ndinasaina osawerenga, ndipo pamenepo sindingaloze munthu chala. Chifukwa chawonso ndimachimvetsa. Dziko lathu lilibe nyanja yamchere, intaneti imachita kudzera m'mayiko oyandikana nafe monga Tanzania ndi Mozambique kuchokera ku zingwe za pansi pa nyanja, ndipo imagulidwa ndi ndalama zakunja. Munthu mmodzi wa torrent angathe kudzaza mpaipi umene anthu ambiri akumwerapo. Chinandiwawa n'chakuti pafoni paja palibe ananditchulira mzerewu, ankangondizimitsitsa rauta.

Pofuna kampani ina sindinafunsenso za liwiro. Ndinayenda maofesi atatu ndi kope langa. Koyamba mtsikana wa pakauntala anamwetulira: "Zathu ndi unlimited, mayi, chilichonse chimadutsa." Nditamupempha kuti andilembere mawu omwewo papepala la kampani, anati abwana atuluka. Kwachiwiri anavomera kuti masana amachepetsa torrent, ndipo ndinawathokoza chifukwa chosandizunguliza. Kwachitatu anandiitanira mnyamata wa zamakina, wovala ovolosi, makwerero ali paphewa. Ndinamufunsa: "Achimwene, kodi mumasankha katundu panjira?" Iye anati sayang'ana mtundu wa zimene munthu akutsitsa, koma ukapyola mlingo wa mwezi amachepetsa zonse pamodzi, ndipo mlingowo anandionetsa pomwe unalembedwa.

Mnyamatayo ndiye anatitsegula maso pa chinthu china chimene alamu ankachiyesanso kuponderezedwa. Makampani ambiri amaika makasitomala ochuluka pa adiresi imodzi ya intaneti, zimene amazitcha CGNAT. Zili ngati mudzi wonse kulandirira makalata pa bokosi la positi la sukulu. Iwe kutumiza ungatumize, koma mlendo amene akukufuna iweyo sangagogode pakhomo pako. Pa torrent zikutanthauza kuti anzako ena sangakupeze, ndiye gulu likakhala laling'ono zinthu zimachedwa ngakhale palibe akukutsekereza. Mankhwala ake ndi kukhala ndi adiresi yakoyako, public IP, ndipo iwo ankaipereka ukawonjezera ndalama pang'ono pamwezi.

Ndinakana kusaina chaka chonse. Tinagwirizana mwezi umodzi woyeserera, ndipo alamu anabwereza mayeso aja m'mawa, masana ndi madzulo, pakati pa sabata ndi Loweruka, ine ndikulemba m'kope lomwe ndimalembamo ngongole. Njira ziwiri zija zinkafika pafupifupi nthawi imodzi, VPN osayatsa. Nambala ya papepala lawo ndi yaing'ono poyerekeza ndi ya kampani yoyamba ija, mtengo n'wokwererapo, koma Wikipedia yatsopano inatsika masana dzuwa likuswa mtengo, alamu akudya chimanga chootcha pakhonde. Mphasa ija inabwerera kunyumba.

Mkangano umene watsala ndi wa ine ndi alamu. Iwo amafuna kompyuta izikhala yoyatsa kuti tizibwezera ena zimene tinatola, amati kudya kwa anzako osaitanako n'kupanda ulemu. Amandionetsa timbendera ta mayiko pa qBittorrent, uyu wa ku Brazil, uyu wa ku Germany, onse akutola Linux Mint kuchokera ku Area 25. Ine ndimaona mlingo wa mwezi ukutha, pakuti kukampani kwathuko zotumiza nazo amaziwerengera. Pakadali pano tagwirizana kuti azigawa usiku wokha, ndipo tsiku la 20 la mwezi likafika ndimalowa m'chipatalamo ndekha n'kukatsitsa kanambala ka upload, liwiro la zotumiza.