Kasupuni ka tiyi kandidyera madola 25 ndi tsiku lathunthu

Ndangofika kumene kuchokera ku Graniteside, dera la mafakitale muno mu Harare, miyendo ikuwawa, ndiye ndati ndilembe mtima usanazizire mwina wina amene ali ndi kafiriji konyamula m'galimoto kaja angapulumuke. Nkhani yake ndi yochepa moti mutha kundiseka. Mbale, masupuni ndi mafoloko musamazisunge limodzi ndi firiji, kaya mkati mwake kaya kuzitsamiritsa m'mbali mwake. Mbale padera, firiji padera. Ine ndazidziwa izi nditataya madola 25 ndi Lachiwiri lonse.

Kathuka ndi ka malita 40, kokhala ndi kompuresa, kainjini kamene kamaziziritsa mkatimo, kamayendera 12V ya galimoto komanso magetsi a m'nyumba. Anatibweretsera ndi alamu anga amene amayendetsa thiraki ya ku Johannesburg, kogwiritsidwapo kale ntchito koma kolimba. Poyamba sitinkaganiza zokagona m'matenti ayi, tinkangofuna poika ndiwo ndi mkaka wa mwana magetsi akathima kuno ku Mufakose, inu a mu Harare mukudziwa momwe amachokera m'mamawa n'kubwera anthu tagona. Timangokalumikiza ku batire la sola basi nyama siionongeka. Koma mu Okutobala alamu omwewo anati tiyeni ku Kariba tikawedze, ana akaoneko njovu, ndiye kafiriji kanakwera nawo pikapu.

Zolongedza matenti ndi zofunda sindinena, aliyense amadziwa. Pamene zinalakwika ndi pa mbale. Mayi a kunyumba kwanga ndi munthu amene safuna kuona mpata uli wopanda kanthu m'galimoto, ndiye anatenga mbale zathu za Kango, zachitsulo zija zimene nyumba iliyonse muno ili nazo, n'kuziimika pakati pa firiji ndi khoma la galimoto kuti eti zigwirane zisamagwedere. Ine ndinaona ndipo ndinayamikira kuti nzeru zimenezo. Sindinaganize kuti mbali imeneyo ndi kumene kuli timazenera topumira firiji. Kompuresa ikamagwira ntchito imatentha, ndipo pali kafani kamene kamakoka mpweya kudzera m'timazenera timeneto kuti kutenthako kutuluke, ukatsekapo ndiye ngati wamuphimba munthu pakamwa ndi pilo. Masupuni, mafoloko ndi mipeni iwiri anaziika m'kachitini ka ayisikilimu kopanda chivindikiro n'kukakhazika pamwamba pa firiji penipeni.

Ulendo wa ku Kariba ndi wa makilomita opitirira 350, kudutsa Chinhoyi ndi Karoi, ndipo ukakhota pa Makuti msewu umayamba kutsetsereka mokhotakhota m'mapiri. Penapake pamenepo tinamva kuti waa kumbuyo, kachitini kagwa. Tinaima n'kutolera, ana akuseka. Ndani amawerenga timasupuni ta tiyi? Palibe. Tinatola zimene tinaziona basi n'kumapitiriza.

Kutentha kwa Kariba mu Okutobala amene sanafikeko asatsutse, ku Nsanje ndi ku Chikwawa ndiye abale ake. Tsiku loyamba kafiriji kankalira mosalekeza koma zakumwa zinali zozizirirako pang'ono. Tsiku lachiwiri m'mawa ndikutsegula, juwisi wa Mazoe wafunda ngati tiyi, nyama yayamba kusintha mtundu, pa kagalasi ka firiji pakuoneka E2, chizindikiro choti pali vuto. Alamu anati ndi batire limenelo, tiyatse injini. Tinaotcha dizilo kwa ola lathunthu galimoto ili chiimire, osasintha kanthu. Mapeto ake nyama ya masiku anayi tinaiotcha yonse tsiku limodzi mpaka kugawirako anthu a tenti yoyandikana nayo, ndipo nsomba zimene tinagwira, zija amati bream kuno koma ife timangoti chambo, ndinazing'amba n'kuthira mchere n'kuyanika monga ankachitira agogo anga asanachoke ku Nkhotakota nthawi ya chitaganya. Anyani anabapo ziwiri. Pa anyani pomwepa, musasiye mbale zosatsuka panja kumeneko, mudzazitola kuthengo.

Ndiye tabwera kunyumba, cholakwa chachiwiri, ndipo ichi ndi changa ndekha sindinamizira munthu. Ndinati poti kafiriji kafa, bola kakhale kabati ka ziwiya za paulendo. Mbale zinatsukidwa, sizinaume bwino, ndinaziponya mkatimo pamodzi ndi masupuni ndi mthiko ndi chipande, n'kutseka chivindikiro kuti gwa, n'kukakankhira kuseri kwa chitseko. Miyezi iwiri. Sabata yatha titayamba kukonzekera ulendo wa Khirisimasi wa kumudzi ku Malawi, wodzera pa boda ya Nyamapanda ndi Tete, ndinati ndikatsegule. Abale inu, fungo lake. Mthiko unachita chuku chobiriwira ngati wamera ubweya, mphira wa pachivindikiro wada bii, ndipo pamene panagona mafoloko otchipa aja pansi pa firiji panasindikizika dzimbiri looneka bwinobwino mano anayi a foloko. Firiji anaipanga kuti isalowe mpweya, ndiye kadontho kamadzi kalikonse kamene watsekera mkati kamakhala momwemo n'kumaola. Mthiko ndi chipande tinataya. Mkatimo ndinatsuka ndi madzi ofunda osungunuliramo soda, wophikira therere yemweyu, kenako kansalu konyowetsa ndi viniga m'mphepete mwa mphira, n'kukasiya pamthunzi chotsegula masiku awiri. Musakwechemo ndi sitiluwulu, mumakanda pulasitiki ndipo litsiro limadzakhazikika m'mikwingwirimamo. Dzimbiri lija silinachoke lonse, foloko ikuonekabe.

Tsopano za lero, zimene zandipsetsa mtima. Pikapu ili ndi eni ake pamsewu, ndiye ndinanyamula kafiriji pa kombi. Kondakitala, hwindi monga amanenera kuno, anati kalipire mpando wakewake, chabwino ndinalipira, koma anakagonekabe cham'mbali pansi pa mpando wakumbuyo. Kutauni ndinasintha galimoto, ndinafika pa malo okonzera mafiriji cha m'ma 9. Sinditchula dzina. Pakauntala panali mayi wina amene asanandifunse n'komwe vuto anati madola 25 ongoyang'ana, kukonza ndi zina. Ndinati kungoyang'ana? Anati ee, ndipo sabweza. Ndinapereka 20 ndi 10, anati chenji palibe, analemba 5 kuseri kwa lisiti n'kusainira.

Kenako anafunsa kuti kabwera choimirira kapena chogona. Nditanena zoona anati ndiye sitingakayatse, kakhale kaye choimirira maola angapo kuti oilo wa mu kompuresa abwerere m'malo mwake. Apa sindiwada, ndi zoona zimenezo, firiji ya kompuresa ikagonekedwa sumaiyatsa nthawi yomweyo, ndiye inu mukamanyamula yanu limbanani ndi kondakitala ikhale choimirira ngakhale pamiyendo panu. Koma kuyang'ana komwe ndinalipira kuja sikufuna kuyatsa. Akanatha kumasula chivindikiro cha kumbuyo nthawi yomweyo. Ndinawauza kuti kakulemba E2, mwina ndi fani, anati amene amadziwa zimenezo ndi abwana ndipo atuluka akubwera pompano. Ndinakhala pa benchi panja, mvula ikuwaza, kuyang'ana mathiraki akudutsa. 11 koloko. 12 koloko. Abwana anafika cha m'ma 1, n'kupita kukadya. Atabwerako akuti magetsi athima sitingayese. Apa ndiye ndinaimirira. Ndinati akulu, kafiriji aka ndi ka 12V, pabwalo panu pali magalimoto atatu, batire lililonse lingakayendetse. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana, n'kuti waya wake woyesera ali ndi munthu wina amene wapita ku Msasa. Waya wanga ndinausiya kunyumba poganiza kuti malo okonzera mafiriji sangasowe waya. Tengani waya wanu, onse awiri, wa galimoto ndi wa m'nyumba.

Amene anandipulumutsa ndi kamnyamata kophunzira ntchito kamene kankasesa. Kanandimva ndikudandaula pafoni m'Chichewa, kanabwera n'kunena kuti amalume, agogo anga aakazi ndi a ku Dedza, Chichewa chake chosakanikira ndi Chishona koma chomveka. Cha m'ma 3 abwana atalowa mu ofesi kanatenga sikuludiraiva n'kumasula timasikulu ta kumbuyo, osakwana mphindi 10. Kanapisa zala ziwiri n'kutulutsa kasupuni ka tiyi kopindika, kanati amalume, aka ndi kanu? Kanalowa pa kazenera tsiku lija pa Makuti n'kukakakamira pa mapiko a fani. Fani itakanika kuzungulira, makina anadzithimitsa okha kuti asapse, ndiyo E2 ija pa kanga, pa mafiriji ena zilembo zimasiyana ndiye onani kabuku kanu. Kamnyamata kanapukutanso fumbi ndi ubweya wa bulangete zimene zinadzaza pamenepo, kanabwereka batire la galimoto ya mlonda ndi timawaya tiwiri, kafiriji n'kuyamba kulira bwinobwino, manambala akutsika ndikuona ndi maso. Abwana anatuluka n'kufuna kulemba madola ena 15 a ntchito. Sindibwereza zimene ndinayankha. Kamnyamatako ndinakapatsira kangachepe kuseri kwa geti.

Ndiye pobwerera ndadzera ku Mbare ndagula kireti yapulasitiki yokhala ndi chivindikiro chotsekeka, ndipo ulendo wa kumudziwu ndilongedza chonchi. Mbale zonse m'kireti, pakati pa mbale ndi mbale kansalu kapena pepala, chifukwa za Kango zikamakhulana pa mabampu utoto wake umasuka ndipo posukapo ndi pamene pamayambira dzimbiri. Makapu kuwalowetsana. Masupuni ndi mafoloko kuwakulunga m'kachitenje kakale n'kumanga ndi mphira, mipeni payokha nsonga zake zitakulungidwa, zonsezo pansi pa kireti, osati pamwamba pa firiji ngakhale kwa mphindi imodzi. Zamagalasi zitsale kunyumba. Kireti ikhale mbali imene kulibe timazenera, ndipo kumene kuli timazenerako pasiyidwe mpata woti dzanja lilowe momasuka, ngakhale mayi a kunyumba auone ngati malo otayika. Zikwama ndi mabulangete nazonso zimatseka, si mbale zokha. Firiji imangidwe ndi lamba kuti isamayendeyende.

Ndaiwala china. Ena amati mbale ukaziika mkati paulendo zimasunga kuzizira. Nzeru imeneyo ndinali nayo inenso. Koma mbale zofunda ukaziika mkati kompuresa iyenera kuziziziritsa nazonso, ndiye batire likutha chifukwa cha zinthu zosadyedwa, kwinaku zikugunda makoma a mkati pa bampu iliyonse, ndipo m'mafiriji ambiri kuseri kwa makoma amenewo ndi kumene kumadutsa timapaipi ta gasi. Mpeni ukaboola pamenepo ndiye mwagula ina. Ngati mwatsala mpata mkati, ikanimo mabotolo a madzi oziziritsa kale usiku kunyumba, amenewo ndiye amathandiza. Ndipo kapulagi ka firiji kolowetsa poyatsira ndudu m'galimoto kamamasuka kokha pa msewu woipa, muzikayang'ana mukaima, apo ayi mufika pa Tete nyama itafunda inu mukuti firiji ikuyenda.

Mukabwerako kuulendo, tsukani, umitsani mbale padzuwa mpaka ziume gwa, zibwerere m'kireti yake, firiji muipukute n'kuisiya chivindikiro chili chotsegukako, ine ndapanikizapo kathawulo kopinda. Mbale padera, firiji padera, ndanena kale koma ndibwerezabe.

Kasupuni kaja ndabwera nako m'thumba. Mayi a kunyumba akaona akuti ndi ka seti ya paukwati wathu ndipo akhala akuwakalipira ana kuyambira Okutobala kuti anakataya. Lachisanu ndibwereranso ku Graniteside ndi lisiti langa kukatenga madola 5 aja, ngakhale ya kombi yokha idya pafupifupi theka lake.