Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Miyezi Yanga Yoyamba kwa Psicólogo

M'gawo lapitalo ndinafotokoza mmene mtsinje wa Revúbuè unasefukira mu Januwale 2022, pa nthawi ya namondwe wa Ana, ndi mmene tulo tinandithawira kuyambira pamenepo ngakhale kuti nyumba yathu ku Moatize sinagwe. Namwino wa pachipatala cha kwathu atandiyeza malungo ndi kuthamanga kwa magazi osapeza kanthu, pamene ine ndinkangoonda ndi kupsa mtima pa zinthu zazing'ono, anandilembera kalata yonditumiza ku chipatala chachikulu cha mumzinda wa Tete kuti ndikaonane ndi psicólogo, katswiri wa za maganizo.

Amalume anga a ku Ulongwe atamva, anandiimbira lamya ali ndi mantha. "Kodi mphwanga, wayamba misala?" Sindinawadabwe, chifukwa ambiri kwathu akamva za matenda a maganizo amangoganiza za chipatala cha odwala misala cha Infulene ku Maputo. Koma ogwira ntchito imeneyi ndi osiyanasiyana. Psiquiatra ndi dokotala amene amalemba mankhwala, ndipo m'zipatala za m'maboma muli a técnico de psiquiatria, ogwira ntchito zachipatala othandiza odwala matenda a maganizo, amene dziko lathu la Mozambique linayamba kuwaphunzitsa mu 1996 chifukwa madokotala otere ndi ochepa. Psicólogo salemba mankhwala. Ntchito yake ndi kufunsa, kumvetsera ndi kuphunzitsa munthu njira zolimbanirana ndi zimene zikumuvutitsa, ndipo akaona kuti pakufunika mankhwala amamutumiza kwa anzake aja.

Amene ndinamupeza anali mayi wachichepere kwa ine. M'chipinda munali tebulo, mipando iwiri ndi fani imene inkangotembenuza mpweya wotentha wa ku Tete. Asanafunse kanthu anandiuza kuti zokamba zathu zidzathera momwemo, pokhapokha ataona kuti moyo wanga kapena wa munthu wina uli pangozi. Kenako anafunsa za kagonedwe, kadyedwe, mowa, ntchito, banja ndi matenda a pamtundu pathu, uku akulemba m'kope. Atatero anaika cholembera pansi n'kundiyang'ana.

"Bambo, kodi munayamba mwaganizapo zodzipha?"

Funso limeneli amafunsa aliyense, ndipo ndikuona kuti amachita bwino kulifunsa mosapita m'mbali, pakuti munthu amene wasenza maganizo otere yekha amapepukidwa wina akawatchula popanda kumudzudzula. Tinalankhula pafupifupi ola lathunthu, ndipo ndinatuluka wopanda piritsi ngakhale limodzi, ndili ndi tsiku lobwererako basi. Mu chapa yobwerera ku Moatize ndinali wokhumudwa ndithu, popeza kwathu tinazolowera kuti wochokera kuchipatala amabwera ndi kaphukusi m'manja.

Chimene ndinkayembekezera ndi malangizo, monga amachitira ankhoswe kapena akulu a mpingo, koma a doutora, monga ndinkawatchulira mayi aja, sankandiuza chochita. Ankafunsa n'kukhala chete, ndipo nthawi zina kukhala chete kwawoko kunkatalika mpaka ine ndinkayamba kulankhula zimene sindinakonzekere. Umu ndi mmene tinafikira pa nkhani ya nkhondo yapachiweniweni ya m'dziko lathu. Tsiku lina anandifunsa kuti phokoso la madzi usiku uja linandikumbutsa chiyani, ndipo ndinangozindikira ndikufotokoza za usiku umene tinathawa ku Angónia kulowera ku Dedza ndili mwana, amayi atanditseka pakamwa ndi dzanja m'munda wa chimanga kuti ndisalire. Ndinali nditasiya Chipwitikizi, ndikulankhula chinenero cha kwathu, ndipo iwo, amene ndi Anyungwe, ankandiimitsa pamene sanamve kuti ndibwereze. Pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 ndipo tinabwerera kwathu, koma palibe amene anafunsa ana kuti anaona zotani, ndipo ifenso tinaphunzira kusazikamba, makamaka anyamata amene tinkauzidwa kuti mwamuna salira.

Amene akufuna kuyamba ulendo umenewu adziwe kuti masabata oyambirira amatha kulemera kuposa kale. Maloto oipa anachuluka, ndipo mayi a kunyumba anafika pondifunsa ngati kupita ku Tete sikukungowonjezera mavuto. Nditawafotokozera a doutora, anati zimenezi zimachitika munthu akayamba kukhudza zimene anazikwirira kalekale, ndipo anachepetsa liwiro. Anandiphunzitsa kupuma pang'onopang'ono, kutulutsa mpweya nthawi yotalikirapo kuposa poukoka, ndiponso anandiuza kuti ndigule kope loti ndizilembamo nthawi imene ndadzidzimuka usiku, chimene ndimaganiza ndi chimene thupi likumva. Kope limenelo ndi limene linaonetsa kuti usiku woipa kwambiri unkabwera kukagwa mvula kapena ndikamwa mowa madzulo, ndipo pa zinthu ziwirizi chimodzi ndinali ndi mphamvu yochisiya.

Tulo tinabwerera pang'onopang'ono m'kupita kwa miyezi. M'gawo lotsatira ndidzafotokoza za ulendo wanga wa ku Ulongwe, kumene ndinakakhala pansi ndi amayi n'kuwafunsa koyamba za usiku wa m'munda wa chimanga uja.