Lachitatu usiku: sipiriti, mchombo ndi makanda 40

Tulo takana. M'nyumba mukutentha ngati masana, ndipo m'mutu mukungozungulira pepala limene wophunzira unamwino wina anandionetsa lero, nthawi ya tiyi kapena itangodutsa.

"A Sisita, tandionereni ngati mutuwu ungadutse," anatero. Akufuna kufufuza ngati kupaka sipiriti pa mchombo wa khanda kumateteza kuposa kungousiya kuti uume wokha. Makanda 20 apakidwe, ena 20 asapakidwe, basi.

Funso lake ndi lofunika, ndipo ndinamuuza choncho. Kenako ndinamufunsa kuti "kuteteza" akutanthauza chiyani. Anakhala chete. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Funso la kafukufuku limafuna zinthu zinayi, zimene m'mabuku amazifupikitsa kuti PICO: anthu ake ndi ati, awachita chiyani, awayerekeza ndi ndani, ndipo pamapeto awerenga chiyani. Chomalizachi chizikhala chooneka ndi maso: mafinya, fungo, kufiira kofika pa khungu la pamimba, tsiku limene mchombo waduka. Ngati akuwerenga imfa, makanda 40 sangamuuze kanthu. Kumene amamwalira 14 pa 1,000, ndiye kuti mmodzi pa makanda pafupifupi 70. Atha kumaliza osaona imfa ngakhale imodzi mbali zonse ziwiri, n'kulemba kuti njira zake n'zofanana pamene sanayese n'komwe.

Nanga wosankha khanda loti lipakidwe ndani? Akuti iye mwini. Ayi, mwanawe. Dzanja la namwino lili ndi chifundo: sipiriti idzapita kwa kamwana kochepa thupi, kwa mayi wooneka wosowa, ndipo magulu awiriwo adzakhala atasiyana kale asanayambe. Pamafunika maere. Manambala amasakanizidwa ndi munthu wina, n'kuikidwa m'maenvelopu omata osaonekera mkati, ndipo envelopu imatsegulidwa mayi atavomera kale. Ngakhale zitatero, amayi ogona mabedi oyandikana amabwerekana kabotolo. Vuto lina, mchombo umaduka pakati pa masiku 5 ndi 15, mayi ali kale kwawo ku Kanyama kapena ku Chawama, m'makomboni a Lusaka. Foni ikapanda kupezeka, khandalo lasowa m'chiwerengero, ndipo osowawo nthawi zina ndi amene adwala.

Chimene chinandiwawa mtima si zolakwikazi, poti aliyense amayambira pomwepo. N'chakuti wophunzirayu sanamvepo za kafukufuku wamkulu amene anachitika m'dziko lake lomwe lino la Zambia. Ku Nepal, Bangladesh ndi Pakistan anapeza kuti kupaka chlorhexidine, mankhwala ena opha tizilombo, pa mchombo kumachepetsa imfa za makanda, makamaka obadwira kunyumba. Anthu atafuna kudziwa ngati zili chimodzimodzi kuno, anachita kafukufuku wa ZamCAT ku Southern Province, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2016. Amayi anali oposa 40,000. Maere sanagwere mayi mmodzimmodzi koma zipatala 90, pothawa vuto lomwe lija lobwerekana mankhwala. Imfa zinali pafupifupi 15 pa 1,000 mwa opakidwa ndi 14 mwa osapakidwa, kusiyana kumene kungabwere mwangozi chabe. Ku Pemba, ku Tanzania, anapezanso zofanana. Mankhwala ndi omwewo, koma anthu ndi malo obadwira n'zosiyana. N'chifukwa chake pepala lililonse timalifunsa kuti: anayesa pa ndani, ndipo akufanana ndi odwala athu?

Malangizo a 2022 a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, akuti mchombo uzikhala waukhondo ndi wouma. Chlorhexidine wa 4% apakidwe sabata yoyamba kumalo okhawo kumene anthu amapaka zinthu zoopsa monga ndowe. Kusamala kouma si kungousiya ayi. Mayi asambe m'manja ndi sopo asanaugwire, thewera alipinde m'munsi mwa mchombo kuti mkodzo usafikepo, ukada autsuke ndi madzi oyera n'kuuumitsa bwinobwino. Akaona mafinya, kufiira kukufalikira, thupi kutentha kapena mwana kukana bere, athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo kumene chlorhexidine akuperekedwa, mayi auzidwe momveka kuti si wa m'maso, chifukwa makanda ena anavulala maso kabotolo katasokonezedwa ndi mankhwala odontheza.

Ndinamuuzanso kuti asakhudze khanda ngakhale limodzi asanalandire chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa ochita nawo kafukufuku, monga UNZABREC ya pa University of Zambia, komanso cha National Health Research Authority, bungwe la boma loyang'anira kafukufuku wa zaumoyo. Pepala lopempha chilolezo cha mayi likhale m'chilankhulo chimene mayiyo amamva.

Madzulo m'minibasi ndinkaganiza za anamwino akuluakulu amene anatiphunzitsa sipiriti. Sanali osadziwa ntchito. Anachita zimene zinkadziwika nthawi yawo, ndipo maso awo amaona khanda lodwala lisanayambe n'kulira komwe. David Sackett, dokotala wodziwika pa nkhani yogwiritsa ntchito umboni pochiza, ndi anzake anafotokoza kuti umboni wa kafukufuku suyenda wokha, umayendera limodzi ndi luso la wogwira ntchito ndi zofuna za wodwala. Ndi mafuwa atatu, ndipo ine sindifuna wophunzira amene wawerenga mapepala awiri ayambe kuderera a Sisita amene agwira makanda zaka 30.

Koma funso limene landichotsera tulo ndi limene anafunsa akunyamula chikwama. "A Sisita, nanga mwana wabadwira kuchipatala, tamuuza mayi kuti asapake kanthu, koma kunyumba agogo apaka makala kapena mafuta ophikira kuti mchombo uduke msanga. Ameneyo ali m'gulu liti?"

Ndinamuyankha kuti mwina kafukufuku wake ndi ameneyo: kukhala pansi ndi amayi ndi agogo, kuwafunsa modekha zimene amapaka, tsiku liti ndiponso chifukwa chake, osawadzudzula. Anati akaganiza. Abweranso Lachisanu, ndipo sindikudziwa ngati agogo angamuuze zoona atavala yunifolomu.