Boti la malemu bambo labwerera m'madzi, zikomo nonse

Abale ndi anansi, Loweruka lapitali boti lathu lalowanso m'nyanja pa doko la ku Senga Bay, ndipo ndati ndithokoze poyera aliyense amene anaikapo dzanja.

Ambiri mukudziwa mmene linalili. Nyanja itasefukira mu 2024, madzi anafika pamene bambo analisiya, ndipo linakhala nthawi yaitali theka lili m'madzi, theka likupsa ndi dzuwa. Deki yonse (matabwa a pamwamba opondapo) inawola, nthiti zina zinkafumbutuka ukazikanda ndi chala. Panali ondiuza kuti ndingoliwaza nkhuni. Sindikuwaimba mlandu, chifukwa ndi mmene linkaonekeradi.

Woyamba kumuthokoza ndi mmisiri wathu, agogo aja amene akhala akukhoma maboti kuyambira ine ndisanabadwe. Agogo, munayamba ndi kugogoda thabwa lililonse ndi hamala, kumvetsera lomwe likulira bwino ndi lomwe lafa m'kati, ndipo simunalole kuti deki yatsopano igone pa mtengo wowola ngakhale umodzi. Nthiti zofooka munachotsa n'kuikamo za mlombwa. Mitanda yonyamula deki munaisema yokwera pang'ono pakati, kuti madzi a mvula ndi a mafunde azitsetserekera m'mbali osadikha. Munandiphunzitsa kuti madzi a nyanja yathu alibe mchere, choncho akakhazikika pa thabwa amaliwoletsa msanga kuposa a m'nyanja zamchere.

Pa nkhani ya plywood ndi pamene ndinaona kuti mumalikonda botili. Yawamba yomwe amapangira siling'i ndi makabati inalipo pafupi komanso yotsika mtengo, koma munakana, chifukwa guluu wake sapirira chinyezi ndipo mapepala ake amayamba kusendeka. Munati tidikire mpaka tipeze marine plywood, yopirira madzi, ya mamilimita 12. Alamu anga a ku Lilongwe, inu ndi amene munayenda m'masitolo kuifunafuna, n'kuikweza pa lole mpaka ku Salima osandilipiritsa kanthu. Mulungu akubwezereni.

Pepala limodzi la plywood ndi lalitali mamilimita 2440, m'lifupi 1220, ndipo mtengo wake sulola kuti munthu adule molakwa. Ndiye agogo anayamba adula makatoni potsata kupindika kwa boti, kenako n'kujambula pa plywood. Polumikizira mapepala ponse anaonetsetsa kuti pagwere pamwamba pa mtanda. Tisanakhome, tinapaka epoxy, guluu wolimba wotchinga madzi, kunsi ndi m'mphepete monse, chifukwa m'mphepetemo ndi momwe madzi amalowera. Masikuluwu tinaika osachita dzimbiri, ndipo bowo lililonse tinalitseka. Pamwamba tinayala nsalu ya fibreglass, ndipo mu penti yomaliza tinawazamo mchenga wosefa kuti phazi lonyowa lisaterereke. Anasiyanso kachitseko kutsogolo kuti mphepo izilowa pansi pa deki komanso tizitha kukapa madzi.

Epoxy ndi kutentha kwa kunyanja sizigwirizana. Ukasakaniza yambiri dzuwa litakwera, imatentha n'kuuma uli nayo m'manja. N'chifukwa chake ntchitoyi tinkaiyamba kusanache, ndipo apa ndithokoze anyamata a pa doko. Munkachokera ku usipa usiku wonse, maso ali ofiira, koma m'malo mokagona munkabwera kudzagwira mapepala, kupala ndi sandipepa, ndi kutembenuza boti. Sindinakulembeni ganyu, munkangobwera. Fumbi la fibreglass limayabwa thupi lonse, koma palibe anathawa.

Amayi a ku banki mkhonde, munandikongoza ndalama ya epoxy ndi penti pamene boti linali likadali chigoba. Munakhulupirira chinthu chimene ena ankachiseka. Ngongoleyo ndiibweza pa nthawi yake. Akomiti ya pa doko, zikomo potipatsa malo a pamthunzi ndi kutiyang'anira katundu usiku. Amalume, zikomo chifukwa cha injini imene mwatibwereka kufikira titakonza yathu.

Mayi a ana anga, inu mukudziwa zimene zinasowa pakhomo kuti botili lidzuke. Munkabweretsa nsima ku doko tsiku ndi tsiku, ndipo pamene ndinkafuna kusiyira panjira munandilimbitsa mtima. Amayi anga ondibala analira ataliona likuyandama, nanenso misozi sindinaibise.

Tsopano tiyamba ndi maulendo afupi a m'mbali mwa gombe, kuonetsetsa ngati pali podontha, nyengo ya mwera isanafike. Majekete opulumutsira moyo tagula kale, ndipo palibe adzakwere osavala. Amene muli ndi boti logona pamchenga ndipo mukufuna kuona mmene tinakhomera dekiyi, bwerani ku doko m'mawa uliwonse, ndikuonetsani zonse, ndipo makatoni amene tinadulira aja ndawasunga.