Lipoti la ulendo wa ku Kanengo ndi ku Malingunde: mafunso atsopano amene makampani akufunsa ogulitsa mbewu

Mamembala a gulu lathu la makopaletivi ogulitsa soya ndi mtedza m'boma la Lilongwe tinakacheza ku fakitale ina yoyenga mafuta ophikira ku Kanengo, imene imagula gawo lalikulu la zokolola zathu. Chotiyendetsa chinali fomu yatsopano imene kampaniyi inaphatikiza pa mgwirizano wa chaka chino, yofunsa za feteleza amene tinathira, mtunda umene malole athu amayenda, nkhuni zimene timagwiritsa ntchito, ndiponso ngati minda yathu inatsegulidwa pogwetsa nkhalango. Ambiri mwa ife tinkakayikira kuti mafunsowa angakhale njira yotitsitsira mtengo, choncho komiti inaona kuti ndi bwino tikamve kwa eni ake.

Anatilandira mkulu woona zogula katundu, ndipo anayamba ndi kufotokoza mmene makampani amawerengera mpweya wotenthetsa dziko potsatira ndondomeko ya Greenhouse Gas Protocol. Pali mpweya wotuluka pafakitale penipeni, monga wa m'ng'anjo, majenereta ndi magalimoto a kampani; pali wochokera ku magetsi amene kampani imagula; ndipo pali gawo lachitatu, limene malamulo ake anatuluka mu 2011, lokhudza onse ogulitsa katundu ku kampaniyo ndi onse ogula zimene imapanga. Kwa kampani yopanga zakudya, gawo lachitatuli ndiye lalikulu, chifukwa ulimi ndi mtengatenga zimagwera momwemo. Kuno kwathu gawo la magetsi limakhala laling'ono poti magetsi ambiri amachokera kumadzi a mtsinje wa Shire, ngakhale anatikumbutsa kuti namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo mafakitale ambiri anadalira majenereta a dizilo kwa miyezi yochuluka.

Titafunsa kuti akukakamiza zonsezi ndani, anayankha kuti ndi ogula akunja pamodzi ndi mabungwe obwereketsa ndalama. Anapereka chitsanzo cha Walmart, kampani ya masitolo ya ku America, imene mu 2017 inapempha makampani oigulitsa katundu kuti achepetse mpweyawu ndi matani 1 biliyoni pofika 2030, n'kulengeza mu 2024 kuti mlingowo wakwana. Anatchulanso lamulo limene European Union inakhazikitsa mu 2023, loletsa kulowetsa soya, khofi, matabwa ndi katundu wina wochokera pamalo pamene nkhalango inagwetsedwa pambuyo pa 31 Disembala 2020. Lamuloli limafuna kuti munda uliwonse udziwike pamene uli, n'chifukwa chake fomu ija ikufunsa malo enieni a munda, osati dzina la mudzi lokha.

Kenaka anatiyendetsa m'fakitale. Kuseri kwa nyumba ya ng'anjo, pamene kale ankaunjikapo nkhuni, tinapeza mulu wa makoko a mtedza ndi makina owatsendereza kukhala zidutswa zolimba zazitali ngati chitsononkho, zimene anyamata awiri ankaponya pamoto ndi mafosholo. Makoko amenewa ndi omwe ife timawotcha pabwalo kapena kuwasiya aole pamtaya. Pa sikelo yoyezera malole, kalaliki anatitsegulira buku lake ndi kutiloza masiku amene malole awiri ochokera dera limodzi la Mitundu anafika motsatizana, iliyonse itanyamula theka la katundu, n'kubwerera yopanda kanthu. Apa panalibe wotsutsa, popeza dizilo wowonongekayo timalipira ndife.

Zokambirana zinatentha titabwerera m'chipinda. Mlangizi wa kampani analankhula bwino za inokyulanti, mankhwala osakaniza ndi mbewu pobzala, kuti soya wothiridwa mankhwalawa amadzipangira chakudya m'mizu, ndipo chimanga chobzalidwa pamunda womwewo chaka chotsatira sichifuna yureya wambiri. Feteleza wotereyu akachuluka m'nthaka amatulutsa mpweya wotenthetsa dziko kwambiri kuposa utsi wa galimoto. Zimenezi n'zoona, ndipo ambiri timazichita kale. Koma amayi ena achikulire a kopaletivi ya ku Nsaru anapempha mwaulemu kuti abwanawo awauze chimene mlimi angabzalire mitengo ndi kusunga mabuku chifukwa cha wogula amene amasayina mgwirizano wa nyengo imodzi yokha, amenenso ndalama zake zimafika mochedwa mpaka mlimi kukagulitsa matumba otsala kwa mavenda. Anawonjeza kuti fomuyo ili m'Chingerezi, ndipo ikufunsa makilogalamu pa hekitala pamene mlimi amawerenga matumba ndi ndowa.

Kwa ine funso limeneli ndilo linali phata la ulendo wonse. Kampani ikalandira mafomu athu imalemba lipoti lokoma, imasunga msika wake wakunja, mwinanso kupeza ngongole yosaboola m'thumba. Ntchito yoyeza, kulemba ndi kusintha kalimidwe imatsalira wamng'ono, amene alibe kompyuta ngakhale mlembi wolipidwa. Wogula akafuna kuti womugulitsa asinthe, ayenera kuikapo kanthu kake: mgwirizano wa zaka zingapo, malipiro a panthawi yake, alangizi ofika m'munda, ndi kaphindu kapadera kwa amene akwaniritsa zofunikazo. Kupanda kutero, mafomu adzadzazidwa ndi manambala ongopeka madzulo a tsiku lomaliza, ndipo mpweya sudzachepa ngakhale pang'ono. Mkulu uja sanatsutse, koma anati za mitengo ndi kutalika kwa mgwirizano n'zoposa udindo wake.

Masana tinalowera ku Malingunde, kumene kuli madamu a Kamuzu omwetsa mzinda wa Lilongwe ndi madzi ochokera m'nkhalango ya Dzalanyama. Njira yonse tinkakumana ndi njinga zolemedwa ndi matumba a makala. Kumeneko tinaona mlimi wa fodya wa pamgwirizano amene ali ndi chigafa chamoyo, chomwe nsanamira zake ndi mitengo yobzala pamizere yosafuna kudula chaka ndi chaka. Anatiuza kuti mlangizi wa kampani yake amabwera kudzawerenga mitengo imene yapulumuka, osati mbande zimene zinagawidwa.

Pobwerera tinagwirizana kuti makopaletivi oyandikana azidziwitsana tsiku lonyamula katundu kuti lole izichoka yodzaza, ndi kuti makoko a mtedza tiyambe kuwasunga m'matumba pamene tikukambirana mtengo wake. Alembi ayamba kulemba feteleza ndi inokyulanti wa membala aliyense m'kaundula. Komiti ilembera kampani kalata yopempha fomu ya m'Chichewa, tsiku lodziwika la malipiro, ndi mgwirizano wa zaka 3, ndipo yankho lake lidzawerengedwa pamsonkhano wa mamembala onse mvula yobzalira isanagwe.